Banki yomwe idayambira m'sitolo: zomwe wamalonda wa ku Karonga angatole pa mbiri ya National Bank

National Bank of Malawi idakhazikitsidwa m'chaka cha 1971, koma mizu yake ndi yakale kuposa pamenepo, ndipo umodzi mwa mizuyo udadutsa pa Karonga. Kampani yomwe idayambitsa ntchito za banki m'dziko muno poyamba siidali banki ayi. Idali kampani yogula ndi kugulitsa katundu, yokhala ndi masitolo, masikelo ndi mabuku olembamo zolowa ndi zotuluka, monga momwe alili amalonda ambiri owerenga tsamba lino. Wopikula mpunga ku Hara, wogulitsa usipa wa ku Ngara kapena wooda zitenje kutsidya la Songwe akaidziwa mbiriyi, savutika kumvetsa chifukwa chomwe banki imamufunsa mafunso omwe imamufunsa akapita kukapempha ngongole.

Sitolo ya Mandala

M'chaka cha 1878, anthu ena achuma a mumzinda wa Glasgow ku Scotland adayambitsa kampani yoti izichita malonda m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malawi, mothandizana ndi amishoni. Idayamba ndi dzina loti Livingstonia Central Africa Company, kenaka nkudzatchedwa African Lakes Company. Oyendetsa ake kuno adali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. Anthu sadavutike ndi dzina lalitali lachizungulo. Adaona magalasi a m'maso omwe John Moir ankavala, nkungoitcha kampaniyo kuti Mandala, ndipo dzinali lidakakamira mpaka lero. Nyumba yomwe adamanga ku Blantyre mu 1882, Mandala House, ikadalipo.

Mu 1884 kampaniyi idatsegula sitolo pa Karonga, ndipo woyang'anira wake wodziwika kwambiri adali Monteith Fotheringham. Malowa sadawasankhe mwangozi. Sitima yapamadzi yochokera kummwera inkathera ulendo wake cha kuno, ndipo msewu wa Stevenson wopita kunyanja ya Tanganyika unkayambira pomwepa. Chomwe Mandala inkafuna kwenikweni chidali minyanga ya njovu, ndipo inkalipira ndi nsalu, mikanda ndi waya wamkuwa. Makobidi kudalibe. Ngakhale amtengatenga onyamula katundu pamutu ankalandira malipiro awo m'mikwamba ya nsalu. Aliyense amene adasinthanitsapo ndowa ya mpunga ndi chitenje akudziwa vuto la malonda otere: mtengo umadalira amene wapanikizika kwambiri tsiku limenelo, ndipo nsalu ikanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, malipiro a mwezi wonse apita.

Malonda a pa Karonga sadayende mwamtendere. Kuyambira 1887 kampaniyi idalowa m'nkhondo ndi Mlozi, wamalonda wachiswahili yemwe adamanga malinga ku Mpata ndipo ankagwira Angonde ukapolo. Nkhondoyo idadya chuma chambiri cha kampaniyi, ndipo nkhani ya Mlozi idadzatha mu December 1895 pomwe asilikali a Harry Johnston adagwetsa linga lake nkumunyonga.

Nkhondoyo isadatheretu, zinthu zidali zitayamba kale kusintha kummwera. Dziko lidalowa m'manja mwa Britain mu 1891, boma latsopanolo lidayamba kutolera msonkho, ndipo ndalama zachitsulo zidayamba kuyenda m'manja mwa anthu. Azungu olima khofi kumapiri a Shire, amishoni ndi ogwira ntchito m'boma adafuna malo osungako ndalama komanso njira yotumizira kwawo. Adayang'ana uku ndi uku nkupeza kuti amene ali ndi chipinda cholimba, sitima, ofesi ku Glasgow ndiponso mabuku olembedwa bwino ndi Mandala. Choncho mu 1894 kampaniyi, yomwe tsopano inkatchedwa African Lakes Corporation, idatsegula gawo la banki.

Apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Anthu sadakasungitse ndalama ku Mandala chifukwa cha chikwangwani chatsopano. Adakasungitsa chifukwa adali atagula ndi kugulitsa nayo kwa zaka zoposa khumi, ndipo ankadziwa kuti chomwe chalembedwa m'buku lake chimapezeka momwemo mawa. M'misika yathu zimenezi zimachitika mpaka lero. Pa msika uliwonse pamakhala mwini golosale mmodzi amene anzake amamusungitsa ndalama za tsikulo akamaweruka, kapena mayi mmodzi amene gulu la chipereganyu limamusankha chaka ndi chaka kuti asunge bokosi. Sasankhidwa chifukwa ndi wolemera kuposa ena, koma chifukwa kope lake silisintha manambala.

Mabanki omwe sadali a aliyense

Mu 1901 Standard Bank of South Africa idatsegula nthambi ku Blantyre, ndipo Mandala idapeza wopikisana naye amene ntchito yake idali ya banki yokhayokha. Mu 1918 Mandala idagulitsa gawo lake la banki kwa National Bank of South Africa, nkutsala ndi masitolo ndi malonda ena. Dzinali lisasokoneze munthu, iyi idali banki ya ku South Africa, osati National Bank ya lero. Iyonso mu 1925 idaphatikizidwa ndi mabanki ena awiri nkupanga Barclays Bank DCO. Kuchokera pamenepo mpaka ufulu wodzilamulira, mayina awiri a Barclays ndi Standard ndiwo adali eni bwalo.

Koma mabanki amenewa sadabwerere mlimi wa ku Kaporo kapena msodzi wa ku Chilumba. Makasitomala awo adali eni minda ikuluikulu ya tiyi ndi fodya, makampani, amalonda achimwenye ndi boma. Padalinso lamulo la atsamunda lomwe linkaika malire pa ngongole yomwe munthu wosakhala wakuda akadatha kukaitanitsa kukhoti kwa munthu wakuda. Ankati lamulolo nloteteza anthu kuti asamire m'ngongole, koma zotsatira zake zidali zoti palibe ankafuna kukongoza Mmalawi ndalama zooneka. Amuna a kuno omwe ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya golide ya Lupa ku Tanganyika, kumigodi ya kopa ku Northern Rhodesia kapena ku Joni ankabwera ndi ndalama zawo m'thumba, apo ayi kuzitumiza papositi. Wofuna kusunga ankatsegula kabuku ku positi ofesi, ndipo ambiri ankangogula ng'ombe, yomwe kwa Mngonde idali banki yodalirika kuposa nyumba ya njerwa ya ku Blantyre.

Mantha omwe achikulire ena ali nawo mpaka lero, oti kubanki nkwa anthu a mataye, sadachokere m'mutu mwawo. Adachokera m'zaka pafupifupi 70 zomwe chitseko chidali chotsekadi.

Chaka cha 1971

Malawi italandira ufulu mu 1964, boma lidayamba kukonza nyumba yake ya zachuma. Reserve Bank of Malawi idayamba ntchito mu 1965. Commercial Bank of Malawi, yomwe lero ndi Standard Bank, idatsegula zitseko mu 1970. Kenaka mu 1971 zinthu zitatu zidabwera pamodzi. Mu February ndalama ya kwacha ndi tambala idalowa m'malo mwa mapaundi, mashereni ndi mapeni, ndipo paundi imodzi inkasinthidwa ndi K2. ADMARC idakhazikitsidwa kulowa m'malo mwa bungwe lakale logula mbewu kwa alimi. Ndipo nthambi za Barclays ndi Standard za m'dziko muno zidaphatikizidwa nkukhala National Bank of Malawi. Eni akunja aja adatsala ndi masheya ena, pomwe ena adapita kwa ADMARC ndi Press Holdings, kampani yomwe idali m'manja mwa Dr Hastings Kamuzu Banda. Patapita zaka, akunjawo adadzagulitsa masheya awo onse.

Wachinyamata amene lero amalandira K5,000 imodzi pa mulu wa tomato ndi kabichi angaseke kumva kuti K2 idali paundi yathunthu ya ku Britain. Kusekako kuli ndi phunziro lake, ndipo libwera kutsogoloku.

Kasitomala mmodzi wamkulu

Gawo la mbiriyi lomwe silitchulidwa kawirikawiri pa zikondwerero ndi la kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo boma linkalimbikitsa minda ikuluikulu ya fodya, ndipo mabanki awiri omwe adalipo, National ndi Commercial, adathira ngongole zambiri m'mindayo komanso m'makampani a Press. Fodya akugulidwa bwino zonse zinkaoneka zabwino. Kenaka mitengo ya fodya idatsika, mafuta agalimoto adakwera padziko lonse mu 1979, ndipo nkhondo ya ku Mozambique idayamba kutseka njanji zopita kumadoko a Beira ndi Nacala. Eni minda ambiri adalephera kubweza. Press, yomwe idali mwini masheya m'mabankiwo komanso wokongola wamkulu, idafika poti kugwa kwake kukadagwedeza mabanki onse awiri. Boma lidachita kulowererapo cha m'ma 1983 ndi 1984, kusenza ngongolezo nkuikonzanso kampaniyo.

Nkhani imeneyi wopikula mpunga aimve ngati yake. Pamakhala wogula mmodzi wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amatenga matumba ambiri, amalipira bwino ulendo woyamba, wachiwiri ndi wachitatu. Ulendo wachinayi amati ndalama atumiza katundu akafika. Wachisanu amatenga matumba 40 a Kilombero, theka la mpamba wonse, ndipo foni imayamba kumangoitana. Mwina si wakuba, mwina nayenso wina wamugwirira ndalama. Koma kaya ndi wakuba kaya ayi, geni ya mwini mpunga yaima. Cholakwika sichidali kukongoza, poti malonda opanda ngongole kulibe. Cholakwika chidali kuika gawo lalikulu chotero m'manja mwa munthu mmodzi, makamaka munthu amene nkovuta kumukaniza chifukwa ndi mlamu, mkulu wa mpingo kapena bwana wa kuofesi. Mabanki aja adali ndi boma lowadzutsa. Wamalonda wa pa msika alibe womudzutsa.

Lero malamulo a Reserve Bank amaika malire pa kuchuluka kwa ndalama zomwe banki ingakongoze munthu mmodzi kapena kampani imodzi poyerekeza ndi mpamba wake. Wamalonda atha kudziikira lamulo lomwelo payekha: kulemba patsamba loyamba la kope kuti palibe munthu amene adzatenge katundu wangongole wopitirira mlingo wakutiwakuti, ndipo wakale asadabweze, watsopano satuluka.

Nkhondo ya ku Mozambique yomwe idavutitsa mabankiyo ndi yomwenso idatembenuza nkhope ya Karonga. Njira za kummawa zitatsekeka, boma lidayang'ana kumpoto, ku doko la Dar es Salaam. Msewu wochoka pa Karonga kukafika pa Songwe nkulumikizana ndi wa ku Mbeya udakonzedwa, doko la Chilumba lidapatsidwa ntchito, ndipo katundu adayamba kudutsa kuno. Malonda a pa boda omwe lero akudyetsa mabanja ochuluka adakula kuchokera pamenepo.

Mpikisano, masheya ndi ulendo wa ku Dar es Salaam

Lamulo la mabanki la 1989 lidatsegula chitseko kuti ena alowe. First Merchant Bank, yomwe lero ndi First Capital Bank, idayamba mu 1995. New Building Society idasanduka NBS Bank mu 2004. Ena adatsatira. Kwa kasitomala wamng'ono uku kudali kusintha kwakukulu kuposa kwa 1971, chifukwa banki yomwe kale inkadikira kuti munthu abwere atavula chipewa idayamba kuchita kumusaka.

Mu August 2000 National Bank idalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange. Press Corporation ili ndi masheya opitirira pang'ono theka, koma gawo lina lili m'manja mwa anthu wamba ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni. Kutanthauza kuti mayi wogulitsa nthochi pa msika wa Karonga atha kukhala mmodzi wa eni bankiyi ngati atagula masheya kudzera kwa ogulitsa masheya ovomerezeka, monga Stockbrokers Malawi Limited. Mtengo wa masheya umakwera komanso umatsika, choncho si malo oikako ndalama yomwe ikufunika pooda katundu sabata yamawa.

Mu 2015 boma lidagulitsa mabanki ake awiri. Indebank idagulidwa ndi National Bank, pomwe Malawi Savings Bank, mdzukulu wa kabuku ka ku positi kaja, idagulidwa ndi FDH. Amene adali ndi ndalama m'mabankiwo adazipeza kwa eni atsopano. Amene adali ndi ngongole nawonso adazipeza zikuwadikira. Banki ikasintha dzina ngongole siifa.

Chomwe chidakopa chidwi cha amalonda a kuno ndi cha 2021, pomwe National Bank idagula masheya 51 pa 100 alionse mu Akiba Commercial Bank ya ku Tanzania, banki yomwe likulu lake lili ku Dar es Salaam ndipo idadziwika ndi kukongoza amalonda ang'onoang'ono. Liwu loti akiba m'Chiswahili limatanthauza chosunga. Zaka zoposa 130 kuchokera pomwe Mandala idaika sitolo pa Karonga poyang'ana malonda a kumpoto, mdzukulu wake adawoloka Songwe. Komabe wooda katundu ku Kariakoo asaganize kuti akaunti yake ya pa Karonga ndi akaunti ya ku Akiba. Akiba ndi banki ya ku Tanzania, yoyendera malamulo a Bank of Tanzania, ndipo kusintha kwacha kukhala mashilingi kapena madola kumayenderabe malamulo a ndalama zakunja a dziko lino. Kusowa kwa madola komwe kwakhala kukuvutitsa amalonda sikutha chifukwa choti eni mabanki awiri ndi amodzi.

Kukula kwina kudabwera ndi foni. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mabanki adaona kuti akapanda kulowa m'foni atsala. National Bank ili ndi Mo626, yomwe munthu amaipeza poimba *626# ngakhale pa foni ya mabatani. Kwa wopikula amene ali ku Wovwe kapena ku Lufilya, kulandira malipiro osakwera minibasi kupita pa boma kumapulumutsa tsiku lathunthu, komanso kumachotsa chiopsezo choyenda ndi chikwama chodzaza. Koma kusamutsa kulikonse kuli ndi mtengo wake, ndipo wochotsa ndalama pang'onopang'ono kasanu patsiku amalipira zambiri kuposa wochotsa kamodzi. Nambala yachinsinsi ndi ya mwini yekha. Woimba foni nkumati ndi wa kubanki ndipo akufuna nambalayo kuti akonze akaunti, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atatchula dzina lonse la mwini akaunti molondola.

Kodi phindu la banki limachokera kuti?

Mu 2024 phindu la National Bank, msonkho utachotsedwa, lidapitirira K100 biliyoni. Ambiri akamva nambala yotere amafunsa kuti zitheka bwanji pomwe geni zikufa. Yankho lake ndi lomwelo la pa msika: kugula motsika, kugulitsa mokwera. Katundu wa banki ndi ndalama. Imaoda kwa osunga powapatsa chiwongoladzanja chochepa, nkugulitsa kwa okongola pa chiwongoladzanja chokwera. Imapezanso pa zolipiritsa za ntchito zosiyanasiyana ndi pa kusintha ndalama zakunja.

Ndipo pali kasitomala wina wamkulu amene mabanki onse m'dziko muno amamukonda: boma. Boma limakongola ndalama zambiri m'mabanki, pa chiwongoladzanja chabwino, popanda woyang'anira ngongole kukwera njinga yamoto kukaona ngati sitolo ilipodi. Wogulitsa kaunjika wofuna K500,000 akupikisana ndi kasitomala ameneyo. Nchifukwa chake nthawi zina zimaoneka ngati banki ilibe naye changu. Kaya zimenezi nzabwino kudziko ndi nkhani yomwe akatswiri a zachuma amakangana, ndipo amene akukumbukira za m'ma 1980 ali ndi chifukwa chodera nkhawa akaona mabanki akudaliranso wokongola mmodzi.

Tsopano phunziro la K2 lija. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo dola yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki idafika pa K1,700. Munthu amene adali ndi K1,180,000 muakaunti akadagula madola 1,000 dzulo lake. Kutacha, ndalama yomweyo idali yokwana madola pafupifupi 694. Palibe tambala yomwe idasowa muakauntimo, koma katundu amene ikadaoda ku Kyela adachepa. M'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi mlingo wopitirira 30 peresenti pachaka, kutali kwambiri ndi chiwongoladzanja chomwe akaunti wamba yosungira imapereka.

Choncho wina akanena kuti ndalama zikasungidwa kubanki zimaswana, sakunena zonse. M'nyengo yomwe mitengo ikuthamanga, mpamba wa wamalonda umakula ukakhala m'katundu amene akuyenda. Ntchito ya akaunti ndi ina: kuteteza ndalama kwa akuba, kumoto ndi kumadzi osefukira omwe anthu a m'mbali mwa North Rukuru ndi Songwe amawadziwa bwino, kuteteza mwini kwa iye yekha maliro ndi maukwati akachuluka, ndiponso kulemba mbiri ya geni. Chachitatuchi ndicho ambiri amachinyozera.

Zomwe woyang'anira ngongole amafuna kuona

Banki yomwe idabadwira m'buku la sitolo imakhulupirira buku mpaka lero. Wamalonda angakhale akugulitsa matumba 100 pamwezi, msika wonse nkumamuchitira umboni, koma ngati ndalamazo zimachoka m'manja mwa wogula kupita mwachindunji kwa mlimi osadutsa muakaunti, kubanki iye alibe geni. Woyang'anira ngongole amayamba ndi sitetimenti, kawirikawiri ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Sayang'ana kuti mwatsala zingati lero. Amayang'ana ngati ndalama zimalowa sabata ndi sabata, miyezi yomwe zimachepa, ndi ngati zotsala zingakwanitse kubweza gawo la mwezi ndi mwezi. Amene amaika K40,000 Lolemba lililonse nkuchotsa K35,000 Lachinayi kukaoda katundu ali ndi mbiri yabwino kuposa amene wabwereka K2 miliyoni kwa mbale wake nkuiika muakaunti sabata imodzi asadapemphe ngongole. Chinyengo chimenecho amachizindikira msanga.

Akaunti ya geni isasakanikirane ndi ya pakhomo. Fizi ya mwana, ndiwo ndi chopereka cha kutchalitchi zikamatuluka m'thumba lomwelo la mpamba, ngakhale mwini wake sadziwa ngati akupindula. Chiphaso cha unzika chimafunika potsegula akaunti iliyonse, ndipo wofuna akaunti ya m'dzina la bizinesi amafunika kalata yolembetsera bizinesiyo ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Malisiti a msika, a khonsolo ndi a pa boda asatayidwe. Ndi umboni woti geni idayamba kale.

Pa chikole ndi pomwe ambiri amabwerera. Munda wa makolo wopanda mapepala a umwini mabanki ambiri saulandira. Koma kuyambira pomwe lamulo la 2013 lokhudza katundu wosunthika lidakhazikitsidwa, zinthu monga galimoto, makina a chigayo kapena katundu wa m'sitolo zitha kulembetsedwa ngati chikole, ngakhale kuti kulandira kapena kukana zili kwa banki. Ndi bwino kufunsa m'mabanki angapo, poti pa Karonga si National yokha yomwe ilipo. Wosainira mnzake ngati mboni yomuimira adziwe kuti mnzakeyo akathawa, ngongole yonse ndi yake. Ndipo wolephera kubweza dzina lake limalembedwa kumabungwe osunga mbiri ya okongola, komwe mabanki ena onse amakayang'ana asadapereke ngongole.

Walira mvula walira matope. Mu February 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera pamwamba pa mlingo wawo malingana ndi momwe akumuonera wokongola. Mwachitsanzo chabe, munthu atakongola K600,000 pa 36 peresenti pachaka kuti agule mpunga nthawi yokolola nkudzagulitsa patatha miyezi isanu ndi umodzi, chiwongoladzanja chake ndi 3 peresenti pamwezi, yomwe ndi K18,000. Pa miyezi yonseyo ndi K108,000, ngati mpamba wonse ukubwezedwa kumapeto. Ndalama yomweyo ku banki m'khonde yolipiritsa 20 peresenti pamwezi ndi K120,000 mwezi umodzi wokha. Kwa wakatapila wa 50 peresenti ndi K300,000. Pa mtengo, banki ndi yotsika kutali. Pomwe imagonja ndi pa liwiro ndi mapepala, ndipo nchifukwa chake katapila sakutha: mpunga wotsika mtengo sudikira kuti komiti ya ngongole ikumane. Wofuna ngongole ya nyengo yokolola ayambe kuyenda kubanki mpunga ukadali wobiriwira m'munda.

Pa chitsanzo chomwecho, mtengo wa mpunga uyenera kukwera ndi 18 peresenti kuti ungolipira chiwongoladzanja. Pamenepo sipadawerengedwe ndalama yokonzera ngongole yomwe banki imadula poyambirira, inshulansi ya ngongole, matumba, lendi ya mosungira, chigayo, thiransipoti ndi mpunga womwe makoswe adya kapena wapepuka pouma. Zonsezi zikaphatikizidwa ndi pomwe munthu angadziwe ngati akugwirira ntchito banja lake kapena banki. Palinso msampha wa nthawi. Ngongole zambiri zimayamba kubwezedwa mwezi wotsatira, pomwe mpunga ukadali m'nkhokwe kudikira mitengo ya December ndi January. Ngati palibe geni ina yolipirira magawo oyambawo, mwini amakakamizika kugulitsa msanga pa mtengo womwe amathawa uja.

Asadasaine, wokongola afunse zinthu izi ndipo mayankho alembedwe papepala: ndalama yeniyeni yomwe ilowe m'manja zodula zonse zitachotsedwa, ndalama yonse yomwe adzakhale atabweza pomaliza, ngati chiwongoladzanja chingasinthe Reserve Bank ikasintha chake, chilango cha kuchedwa ndi sabata imodzi, ndiponso ngati pali chilango pobweza nthawi isadakwane. Mapepala a ngongole amalembedwa m'Chingerezi cha maloya. Palibe manyazi kupempha kuti afotokozedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Kyangonde, ngakhale kuwatenga kunyumba kuti wina wodziwa awawerenge kaye.

Kuyambira 2023 kuli bungwe la Deposit Insurance Corporation lomwe limabwezera osunga ndalama mpaka pa mlingo woikika ngati banki itagwa, ndipo wosunga ndalama zambiri afunse pa nthambi yake kuti mlingowo uli pati. Amene waona kuti wadulidwa ndalama zosadziwika bwino ayambe wadandaula pa nthambi pomwepo, molemba kalata, nkusunga kope yake yodindidwa. Yankho likapanda kubwera kapena likakhala losakhutiritsa, dandaulo limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank, yomwe ili ndi nthambi ku Mzuzu.